Makatuni Sindisiya, Achemwali

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Kuno tili bwino, ndipo chifuwa chija chinkavuta alamu anu chinatha. Kaya inu ku Joniko?

Ndamva kuti alamu anuwo anakudandaulirani pafoni kuti ndayamba chibwana, munthu waimvi kumaonera makatuni. Tamvani mbali yanga.

Loweruka ndinapita kukalemba chikwangwani cha saluni ina ku Tsoka. Pa TV ya mmenemo ankaonetsa filimu yamakatuni ya agogo ena olera zidzukulu. Pothira tiyi dzanja lawo linkanjenjemera, iwo n'kuligwira ndi linzake kuti ana asaone. Achemwali, si mmene ankachitira malemu amayi? Ndinangoima ndi burashi m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

Mtsikana woluka tsitsi anaseka. "Madala, mukulirira zidole?"

Ndinamuyankha kuti, "Zidole? Dzanjalo analijambula ndi munthu. Ine ndakalamba ndikujambula nkhope m'makomamu, koma palibe imene inalizapo munthu."

Ndiye sindisiya, oseka aziseka. Ngati mukufuna kundithandiza, uphunguwo sungani, munditumizire magalasi a maso. Ndikufuna ndikalionenso bwinobwino dzanja la amayi.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Yohane