Thanki ya ku Hositelo Kwathu

Lolemba, 13 Meyi

Nkhani yanga ya pa wailesi ya yunivesite ndaipeza, ndipo palibe wa m'kalasi mwathu amene angaipose. Siwema, mnzanga wa m'chipinda, amugoneka kuchipatala, akutsegula m'mimba. Atsikana ambiri kuhositelo kuno akudwala chimodzimodzi. Masana ndinakwera makwerero kukasuzumira m'thanki ya madzi. Chivundikiro palibe. Mkatimo ndere, nthenga, ndi khwangwala wakufa. Ndajambula zonse.

Vuto ndi limodzi. Woyang'anira mahositelo ndi malume anga, a Kibwana. Bedi ndikugonapoli anandipezera ndi iwowo.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndawauza ndekha a Dokotala Lyimo, otiphunzitsa za wailesi, za ubalewo asanamve kwa ena. Amvetsera mawu a odwala amene ndinajambula, kenako nkundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akuti nkhani ndi yanga, ndilemba ndi kuwerenga ndine, koma wokafunsa malume akhale wina. Asankha Gwamaka, mnyamata wa m'kalasi mwathu. Gwamaka, munthu wofunsa mafunso ngati akupepesa! Ndamulembera mafunso onse, asakandiwonongere.

Kukantini wina wa chaka chachitatu amati ndikufuna kuwotcha malume anga kuti ndikhoze bwino mayeso. Ndamuuza kuti kukhoza ndimakhoza kale, panopa ndikufuna madzi.

Lachitatu, 15 Meyi

Amayi aimba kuchokera ku Kilosa. Malume awauza kale.

"Mwasiti, anakuperekeza kukalembetsa sukulu imeneyo ndani?"

Ndinati ndikudziwa, sindinaiwale. Ndinawafotokozera za Siwema ndi madiripi ake. Iwo akuti nkhani za pabanja zimakambidwa m'nyumba, osati pa wailesi. Ndinati madziwo sakumwa a pabanja pathu okha. Adula osatsanzika.

Chipsi mayai cha lero, chipsi chokazingira m'mazira chija, sichinalowe. Koma nkhani sindisiya.

Lachinayi, 16 Meyi

Gwamaka ndinamuderera. Ndamvetsera zimene wakajambula kwa malume. Mafunso anga anafunsa awiri okha. Malume anayamba ndi zoti madzi ndi abwino, atsikanawo akudwala chifukwa chodya za m'misewu. Ndiye Gwamaka, ndi mawu ake ofatsa aja, akumveka akuika botolo patebulo, nkunena kuti watunga pampopi wa kuhositelo, kodi bwana angamweko pang'ono?

Zii. Mukungomveka fani ikuzungulira.

Ndili m'situdiyo chala chinafika pa batani lodulira. Malume ndimawaona m'maganizo atakhala pampando wawo uja, akusisita chipumi. Sindinadule. Koma ndasiyamonso pamene akunena kuti za chivundikirocho anakadandaula ku ofesi ya zokonzakonza kalekale ndipo palibe anabwera. Ku ofesiko ndapita ndekha, akana kuyankhula. Ndinena zimenezo momwemo.

Lachisanu, 17 Meyi

Yaulutsidwa masana. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono. A Lyimo angoti pa chiganizo chomaliza ndinathamanga, basi, ndipo kwa iwowo kumeneko ndi kuyamikira.

Pofika madzulo thanki aitseka, galimoto yamadzi yaima pakhomo, atsikana pamzere ndi ndowa akuimba dzina langa monyogodola. Siwema watuluka, waonda koma pakamwa mpomwe paja. Akuti ndimugulire soda chifukwa chanditchukitsa ine ndi kutsegula m'mimba kwakeko.

Ndamva kuti malume anaitanidwa kwa akuluakulu, anakhalako nthawi yaitali.

Loweruka, 18 Meyi

Foni ya malume ikungoitana.

Lamulungu, 19 Meyi

Lamulungu lililonse ndimakadya kwa malume ku Kihonda, ndiye leronso ndinakwera daladala, minibasi ya kuno. Siwema amati ndapenga.

Azakhali, akazi awo, anandilandira pakhomo nkundinong'oneza kuti ntchito sanawachotse, koma awachenjeza, ndipo chibwerereni sakuyankhula ndi munthu. Malumewo ndinawapeza pakhonde. Ndinapereka shikamoo, moni wa kwa akulu. Anandisiya chiimire, kenako nkuyankha marahaba wawo wotsikira pansi.

Tinadya mpunga wa pilau. Ndinakonzeka kukalipiridwa, mayankho ndinali nawo kale m'mutu. Atasamba m'manja, malume anafunsa ngati za botolo zija ndinamutuma mnyamatayo ndine. Ndinati ayi, anaganiza yekha, koma ine ndikanatha kudula ndipo sindinadule.

Anagwedeza mutu. Akuti anzawo kuntchito akuwatcha Bwana Botolo. Azakhali anathawira kukhitchini, mapewa akugwedezeka.

Pondiperekeza, malume anaima pa geti.

"Thanki ya ku hositelo ya anyamata waiona?"

Ndinati ayi.

"Ndiye sunaone kanthu. Ubwere mawa m'mawa ndi chojambulira chakocho, makiyi a pamwamba ndili nawo. Ukauze aphunzitsi akowo kuti ndakuitana ndine, asadzati ndakunyengerera."