Wotchi ya Ba Mulenga

Lachinayi, Matero.

Mtima wakhala pansi tsopano. Ba Mulenga, omwe anali bwana kampani yawo isanatsekedwe, anabwera patebulo langa lokonzera mawotchi ndi wotchi yawo yagolide. Aonda kwambiri, ndiye lamba wagolide wa wotchiyo wayamba kukhwepa.

"Chosaniko tuvidunswa tubili, koma isakandike," anatero. "Ndiye chabe chamene nasala nacho."

Ndinayala nsalu yofewa, ndinamata selotepi mbali zonse za lambayo, kenako ndinayamba kukankha timapini pang'onopang'ono. Pa pini yachiwiri dzanja linaterereka. Thukuta lokhalokha! Nditamatula selotepi, golide anali see, wopanda kamzere ngakhale kamodzi.

Ndinawafunsa ngati angagulitse tizidutswa tomwe ndinachotsato. Anatikulunga m'kapepala n'kuika m'thumba la malaya.

"Iyai, ba Phiri. Nizanenepa futi."