Kodi Kuweramira Lupanga la Eni N'kupembedza Fano?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, kwathu ndi ku Ntcheu koma chino ndi chaka changa chachisanu ndili kuno ku Perth. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kalatayi ndikulemba uku ndikumwetulira ndekha, chifukwa chinthu chomwe ndinatsala pang'ono kuchiwononga ndi manja angawa chandipatsa ulemu woti sindinaulotepo. Koma pali kanthu kamodzi komwe kakundisowetsa mtendere, ndipo tsiku layandikira.

Mmodzi mwa okalamba amene ndimawasamalira ndi Bambo Maclean, mzungu wa zaka 88. Anadwala sitiroko, ndiye dzanja lawo lamanja siligwira ntchito ndipo mawu amatuluka movutikira. Mwana wawo yekhayo, Katherine, amakhala ku Melbourne, ndipo ndi mmene atsekera malire a dera lathu chifukwa cha kolonamu, sakutha kubwera. Mwana ndine, m'bale ndine, manja awonso ndine ndemwe.

Mukudziwa mmene kolona watipengetsera ndi ukhondo. Kuntchito anatiuza kuti chilichonse chogwiridwa ndi manja tizichipukuta ndi sanitaiza. Ine lamulo limenelo linandipeza ndili kale panjira, popeza ndine mwana wa mayi amene amati poto wosaonetsa nkhope yako ndiye kuti sunamutsuke. Tsiku lina mu Ogasiti ndikukonza kuchipinda kwa Bambo Maclean, ndinapeza chinthu chachitali pamwamba pa kabati ya zovala, chokulungidwa m'bulangete lakale. Nditamasula ndinaona kuti ndi lupanga lokhota pang'ono, lili m'chimake. Chogwirira chake chinali chitakhwefuka, moti nditachikoka chinavuka n'kuonetsa chitsulo cha m'kati chakuda bii ndi dzimbiri. Pachimakepo panalendewera kathabwa kakang'ono ka zilembo zachilendo, komangidwa ndi chingwe chofumbwa.

Aphungu, sindinaganize kawiri. Kathabwako ndinakadula n'kukataya m'bini. Ndinatenga waya wotsukira mapoto ndi botolo la sanitaiza, n'kukhala pansi pabalaza pomwe panali nkhalambayo, kuti ione mmene Amalawi timagwirira ntchito. Ndisanayambe n'komwe, Bambo Maclean anamenya tebulo ndi dzanja lawo labwinolo mpaka kapu ya tiyi inagwa. Munthu amene amavutika kutchula dzina langa lomwe, tsiku limenelo mawu anatuluka bwinobwino: "Siya, mwana wanga. Si langa limenelo." Misozi inali ikutsika.

Nkhani yake inatitengera masana onse. Lupangalo anabwera nalo ndi bambo awo m'chaka cha 1945 pochokera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atalilandira kwa msilikali wa ku Japan amene gulu lake linagonja. Asanamwalire anauza mwana wawoyu kuti adzalibweze kwa eni ake, koma zaka zinangopita, lero mawa, lero mawa. Kathabwa kaja ndi kamene kanali ndi dzina la msilikaliyo komanso mudzi wa kwawo. Nditamva zimenezo ndinathamangira panja n'kulowetsa theka la thupi m'bini, yunifomu ndi masiki zili m'thupi, oyandikana nafe akungondiyang'ana. Ndinakapeza pansi pa makoko a mbatatesi kali bwinobwino.

Katherine atamva pafoni anafunsafunsa mpaka anapeza Bambo Kuwahara, a ku Japan, amene amaphunzitsa luso la malupanga muholo ina ku Northbridge konkuno ku Perth. Anabwera Loweruka lotsatira. Anandifotokozera kuti dzimbiri la pansi pa chogwirira salichotsa ngakhale pang'ono, chifukwa ndi limene limauza akatswiri zaka za lupangalo, ndipo pomwepo ndi pamene wosula analemba dzina lake. Ndikanapitiriza ndi waya wanga uja, bwenzi nditafufuta zonsezo. Anandiuzanso kuti chitsulo chowalacho sachikhudza ndi dzanja chifukwa thukuta limasiya banga, likakhala pansi salidumpha, salisolola m'chimake mwini wake asanalole, ndipo salankhula ataliyandikiza kukamwa poopa malovu. Za malovuzo anaseka, nati masiki a kolona apeza ntchito yachiwiri, popeza akale kwawo ankachita kuluma pepala kuti malovu asagwere palupanga.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Atamaliza kuliyang'ana analibweza m'chimake n'kundipatsa kuti ndilinyamuleko. Ine osaganiza chilichonse ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, monga ndinkalandirira chinthu kwa bambo anga. Pobweza ndinalitembenuza kuti kuthwa kuyang'ane kwa ine, chifukwa kwathu mpeni supatsa munthu kuthwa kuli kwa iye. Bambo Kuwahara ataona zimenezi anafunsa kuti, "Mayi, zimenezi munaphunzira kwa ndani?" Ndinayankha kuti kwa mayi anga, ku Ntcheu. Iwo anati, "Ophunzira anga ena amatha chaka ndikuwakumbutsa zomwezi. Mayi anu ndi mphunzitsi." Aphungu, tsiku limenelo ndinakwera sitima yobwerera kunyumba ku Cannington ngati mwini wake ndine.

Patatha miyezi iwiri Bambo Kuwahara analipeza banja la msilikali uja kudzera pa kathabwa komwe kaja. Msilikaliyo anamwalira ndi matenda asanafike kwawo, koma mwana wake wamkazi alipo, gogo wa zaka 78. Bambo ake anapita kunkhondo iye ali khanda, ndipo alibe kanthu kalikonse komwe iwo anagwirapo. Tagwirizana kuti Loweruka pa 4 Disembala kudzakhala mwambo kunyumba kwa Bambo Maclean. Lupangalo lidzaperekedwa kwa Bambo Kuwahara m'malo mwa banjalo, gogoyo akuonerera pa vidiyo, ndipo lidzatumizidwa ku Japan mapepala ake akadzatheka. Poti dzanja lawo silinganyamule kanthu, Bambo Maclean apempha ine kuti ndidzakhale manja awo. Katherine wavomera.

Vuto langa nali. Mwambo wake umafuna kuti munthu aweramire lupangalo asanalinyamule. Amuna anga, a Frackson, akuti zimenezo sizitheka. Anandiuza kuti, "Iwe ndiwe mayi wa Mvano, umavala yunifomu yoyera, ndiye ukaweramire chitsulo choti mwina chinapha anthu? Vidiyo imeneyo ikafika kutchalitchi ine nkhope ndidzaiika pati?" Mnzanga wina wa kutchalitchi komweko wasonkhezera moto, akuti zinthu zotere zimayenda ndi mizimu. Sindikufuna kunyoza amuna anga, sindikufunanso kuchimwira Mulungu. Koma Bambo Maclean akufooka mwezi ndi mwezi, ndipo ndikakana palibe wina wapafupi amene amamukhulupirira. Kodi ndikawerama ndiye kuti ndapembedza fano? Ndithandizeni.

T.M., Cannington, Perth

Mayi T.M.,

Choyamba landirani nthungululu zanga. Makalata ambiri ochokera kwa abale athu a kunja amakhala misozi yokhayokha, koma yanuyi yandiseketsa ndipo yandinyaditsa. Komabe ndisakunamizeni, munatsala pang'ono kukhala safunsa uja anadya phula. Mayi anu akanakhala pafupi akanakukokani khutu, chifukwa amene anakuphunzitsani kutsuka poto anakuphunzitsaninso kuti cha eni sachita nacho phuma.

Tibwere ku funso lanu. Ayi, simudzapembedza fano. Kupembedza ndi kuika chikhulupiriro chako pa chinthu, n'kumachipempha moyo, mvula kapena machiritso. Inu mukufuna kupempha chiyani kwa lupangalo? Kwathu kuno bambo akamadutsa pamaliro amavula chipewa, wapanjinga amatsika, ndipo palibe amene amati akupembedza bokosi. Akakutumani kukapereka zovala za malemu kwa ana ake, simuziponya ngati thumba la makala. Lupangali ndi chinthu chomaliza cha bambo amene sanabwerere kwa mwana wake, ndipo kuwerama kwanu kukungosonyeza kuti mukudziwa chimene mwanyamula.

Za mizimuzo, mufunseni mnzanuyo kuti inali kuti miyezi yonse yomwe munkasesa pansi pa kabati ija osagwidwa ngakhale ndi chimfine. Zoti mwina linapha anthu n'zotheka ndithu, ndipo n'chifukwa chake mwambowu ndi wabwino. Chida cha nkhondo chikubwerera kwawo chili m'chimake, ndipo akuchibweza ndi mwana wa mdani wakale. Ngati kumeneko si kuyanjanitsa anthu komwe mumaimba ku Mvano kuja, ndiye ine sindikudziwa.

A Frackson musawanyoze. Mvetserani bwino mawu awo: chomwe akuopa kwenikweni ndi pakamwa pa anthu. Kunjako Amalawi ndinu ochepa, nkhani imazungulira tchalitchi chonse tiyi asanazizire, choncho mantha awowo si achabe. Musalimbane nawo ndi mavesi kukhitchini. Pitani nawo limodzi kwa abusa anu sabata ino, mukafotokoze zonse kuyambira pa bini paja, kuti anthu aimve nkhaniyi kwa inu vidiyo isanawapeze. Kenako pemphani chilolezo kwa Bambo Maclean kuti amuna anu adzakhalepo pa tsikulo. Munthu amene waona ndi maso ake gogo akulandira cha bambo ake sabwerera kunyumba akukamba za mafano. Bambo Kuwahara muwafunse mosabisa kuti kuweramako kumatanthauza chiyani kwa iwo, ndipo ngati mtima ukukayikabe, auzeni kuti inu mudzagwada mwa kwathu. Sindikuganiza kuti munthu amene anatcha mayi anu mphunzitsi angakane zimenezo.

Musadalire mwayi wa tsiku loyamba lija. Yesererani kunyumba ndi ambulera kapena mpini wa tsache mpaka maondo ndi manja zizolowere. Pa tsikulo mphete ndi wotchi muvule kuti zisakande chimake, ndipo manja akhale osamba ndi ouma bwino, osati onyowa ndi sanitaiza wanu uja. Kusolola si ntchito yanu. Yanu ndi kunyamula ndi manja awiri, kuthwa kuli kwa inu, n'kulisiya pokhapokha mutamva kuti winayo waligwira. Musathamange, ndipo mawu muwasunge mpaka litachoka m'manja mwanu.

Chenjezo langa nali. M'nyumbamo ndinu wantchito, ndipo katundu wa okalamba amabala milandu. Akuntchito kwanu auzeni zonse, ndipo Katherine alembe kuvomera kwake pa imelo, muisunge. Lupangalo musatuluke nalo pakhomo, kaya m'galimoto kaya m'sitima yomwe mwayamba kuiyesa yanu ija, chifukwa chida ndi chida, ndipo malamulo a eni dziko safunsa kuti mtima wanu unali wabwino bwanji. Za mapepala ndi zotumiza asiyireni Katherine ndi Bambo Kuwahara. Waya wotsukira mapoto akhale kukhitchini, ndipo mukadzapezanso chinthu chachilendo m'nyumba ya eni, yambani mwafunsa.

Pitani mukagwade, mayi. Mukamawerama musaganize za chitsulo. Ganizani za gogo amene wakula mpaka kukalamba osakhudzapo pomwe panakhudza dzanja la bambo ake, komanso za nkhalamba yanuyo yomwe ikufuna kutula lonjezo maso akadali openya. Dzimbiri lomwe munafuna kulitsuka lija ndi zaka 76 zomwe awiriwa adikira, choncho likafike ku Japan lonse. Mwambo ukatha muwaimbire foni mayi anu ku Ntcheu, muwauze kuti maondo omwe anakuphunzitsani kupinda aja afika mpaka ku Japan.

Aphungu