Ba Eness agona pansi

Lolemba, 3 Malichi

Ba Eness, olela mwana wanga, achedwanso. Hafu seveni yandipeza pageti, nsapato kumanja, Lukonde kumsana. Mabasi awili kuchoka ku Chunga kufika kuno ku Chelstone, ndidziwa. Koma abwana kuofesi sadziwa za Chunga. Sabata yachitatu chibwelele kunchito, kuchedwa kachinayi.

Koma mwanayu akangowaona! Miyendo m'mwamba, kuseka ndi nkhama zokhazokha. Ine amene ndinamubala amandiyang'ana ngati kondakitala.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndiwo zopanda mchele, tsiku lachitatu. Mwamuna wanga Oswell wangokankha mbale. Nditafunsa ba Eness, akuti, "Masiku ano sinithila, amai, muzithila mweka." Masiku ati? Iwo ulendo kukhichini. Shati yoyela ya Oswell nayo ili ndi chipsela cha aini pamsana.

Becky wa kuofesi akuti kudeikeya ya ku Avondale, kosungila ana masana, kwatsala malo amodzi. Manesi, makamela, zonse. Fomu ndatenga. Ifunika pa 21.

Loweluka, 15 Malichi

Manyazi amene ndaona lelo! Amai abusa anabwela kudzaona mwana. Atangotambasula manja, ba Eness tsomphu! kumuponya kumsana, ati ali ndi tulo, ulendo kubwalo. Mwana maso ali gwa. Mlamu wanga Chalwe nayenso ba Eness anamukaniza kunyamula mwana sabata yatha. Oswell akuti, "Kansi nyumba ino ni yandani?"

Fomu ndalemba theka.

Koma pano ndinene zoona, palibe adzawelenga. Lukonde sanatulukepo ngakhale kachilonda ka thewela. Akalila, ba Eness amadziwa ali kukhichini kuti uku ndi kwa njala, uku ndi kwa mpweya m'mimba. Ine ndimayamba ndafunsa foni. Manja awo okhakhala, koma akamusambika ndimangoima pakhomo kuonelela. Nsanje ndili nayo, bodza lilibe phindu.

Lachiwili, 18 Malichi

Ndinaweluka msanga kuti ndiwauze ba Eness zosiya nchito mwezi ukatha. Mau ndinakonza kale m'basi. Kufika, chikwama chao cha zovala kuseli kwa chitseko, maso awo otupa. Amuna awo, ba Jonas, awauza apite kwa mkulu wao mpaka "akakumbuke kuti ni okwatiwa."

Ndinawakhazika pansi. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono.

Kwao ku Katete, komwenso kunali kwao kwa malemu amai anga, khanda amati ndi lozizila kufikila atate ndi amai ake atalitengela kumphasa, tsiku limene ayambanso kugona pamodzi. Lisanafike tsikulo, munthu wogona ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Akaligwila, mwana amatsempha, kutupa, kuonda. Ndiye chifukwa chake amai abusa. Ndiye chifukwa chake Chalwe. Mchele nawo sathila akakhala kumwezi.

Tsiku loyamba, mu Januwale, anandifunsadi ngati mwana tinamutengela kumphasa. Ndinaseka, ndati ife ndife opemphela, za kumudzi sitichita. Ndipo mabedi amayala ndi iwo, adziwa kuti chibadwile Lukonde mwa opaleshoni, Oswell agona kuchipinda cha alendo.

Ndiye kuyambila Januwale ba Eness agona pansi, pamphasa, kunyumba kwao komwe. Kuti m'mawa azinyamula mwana wanga ndi manja ozizila. Osauza munthu.

"Ninaona mulibe amai okuuzani," anatelo. "Ninati ningomusunga ine."

Ndinalowa kubafa, kutsegula mpope kuti asandimve.

Lachitatu, 19 Malichi

Za kutsempha sindikhulupilila. Ba Eness ndawauza m'mawa, ndi mavesi omwe, kuti abwelele kubedi kwao. "Inde amai." Inde wao ndimudziwa. Adzagonabe pansi.

Kuwachotsa nchito, ukwati wao upulumuka, ine nditaya munthu amene sindidzamupezanso mu Lusaka muno. Kuwasunga chonchi, ndiwaphela banja. Kunama kuti tachita? Amayala mabedi. Komanso mai wotele kumunamiza, ayi, pakamwa panga pakana.

Pa lanchi ndaimbila azakhali ku Katete. Aseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa miyezi inayi! Nanga inu a m'tauni mumangoyang'anana?" Atatha kuseka andilangiza zonse, mwakachetechete, ngati ndine namwali. Mankhwala ndakana. Akuti palibe kanthu, chachikulu ndi mphasa, inu awili, ndi mwana.

Ndawasowa amai lelo. Kwambili.

Lachisanu, 21 Malichi

Becky wafunsa za fomu. Ndati apatse wina.

Oswell ndinamufotokozela dzulo m'galimoto. Anayendetsa kuchoka pa Manda Hill mpaka pa Munali. Kenaka, "Abusa akamva?" Ndinati abusa sagona pansi chifukwa cha mwana wako. Pageti anafunsa ngati dokotala analola. Analola kalekale, ndine ndinali ndi mantha. Pilo wake wasamutsa yekha.

Shati yopsa ija waivala lelo mkati mwa jekete, osadandaula.

Ba Eness ndawauza poweluka kuti mawa m'mawa adzapeza bedi limodzi lokha loyala. Anagwila pakamwa ndi chitenje, mapewa kugwedezeka, sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulila. Anamupsompsona Lukonde pachipumi, kutenga chikwama chao kuseli kwa chitseko.

Ali pageti anatembenuka. Akuti mawa apempha kuweluka msanga abwelele kwa ba Jonas, ndipo Lolemba mwina adzachedwa.

Ndati achedwe.