Diresi Lofiira la Asisi a Rute

Lolemba, 2 Juni 2008

Ati ndilibe nzeru chifukwa ndinathawa Sitandade 6. Chabwino amayi, nanga kompyuta ya aphunzitsi ku Mitundu amayatsa ndani? Asisi a Rute, ndi uphunzitsi wawo wonsewo, mausi amaigwira ngati khala la moto.

Komanso ndinalakwa chiyani kwenikweni? M'kompyutamo muli mudzi wongopanga: misewu, mitengo, kalasi. Aphunzitsi a mayiko ena amakumana momwemo Lachisanu lililonse, aliyense ndi kachidole komuimira. Ka asisi kanavala zakuda ngati eni ake, poti amuna awo, alamu a Efulemu, anatisiya mu Febuluwale. Ine n'kukaveka diresi lofiira, n'kudina kuti kazivina. Zocheza basi.

Lachitatu, 4 Juni

Ndikanadziwa bwanji kuti Lachisanu lapitali asisi abwera ndi ana a Sitandade 7 kudzawaonetsa m'kompyutamo mmene phiri limalavulira moto? Ana makumi awiri. Phiri sanalione. Anaona Madamu akudukula pamaso pa azungu.

Nkhani yafika kale ku Nathenje, kwawo kwa malemu. Yakwera minibasi yam'mawa.

Loweruka, 7 Juni

Apongozi awo a asisi abwera. Mpando akana, madzi akana. "Mwana wanga sanawole n'komwe, mkazi wake akuvina pa kanema." Ati chaka chikakwana sadzabwera kudzawavula zakuda. Adzavule okha, poti anayamba kale.

Asisi maso pansi. Dzina langa osalitchula. Ine kuseri kwa nkhokwe, kusenda chinangwa chosenda kale.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaponya nthabwala ziwiri m'mawa. Waseka palibe, ngakhale ine.

Asisi auza ahedi kuti zakompyuta asiya. Kamwana kena kandiimitsa pamsika, ati phiri lija tidzalionera liti. Ndanama kuti lazima.

Asisi akanangondimenya bwenzi zili bwino. Koma akunditsira madzi osamba ngati kale.

Lachinayi, 12 Juni

Njinga mpaka ku Nathenje, mphepo yozizira kumaso. Ndagwada pakhonde, ndaulula zonse, osaseka ngakhale pang'ono. Apongozi kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye amene anavinayo ndi iweyo kapena mkazi wa Efulemu?" Ndati chidole. Ati chidolecho dzina lake ndani.

Ati aganiza kaye. Andipatsa mbatata yootcha.

Lachisanu, 13 Juni

Asisi anditengera ku Mitundu, ati ndikakonze zomwe ndinawononga asanabweze makiyi a chipinda cha kompyuta.

Netiweki yochedwa ngati ngolo. Kenako kachidole tulukiru. Kakuvinabe! M'kalasi mopanda munthu, kokhakokha.

Ndapeza zakuda zija, chala pa mausi. Asisi gwi dzanja langa. Kuwayang'ana, misozi ili mbwe, koma phazi likugunda pansi pa tebulo.

"Dikira kaye, Pitala. Kasiye katsirize nyimbo."