Kachotupa Pamwamba pa Impso ya Amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chilobwe ana ali bwino, koma amayi ayi.

Lachiwiri anagwa akuchapa, miyendo itafooka. Magazi awo akuthamangabe ngakhale akumwa mapilisi amitundu itatu, mcherenso tinawaletsa kalekale. Kuchipatala atawayeza magazi n'kuwajambula, adokotala apeza kachotupa pamwamba pa impso. Akuti n'kamene kakutulutsa timadzi tothamangitsa magaziwo, ndipo kakachotsedwa apeza bwino. Tikachedwa akhoza kufa ziwalo.

Koma amayi akukana opaleshoni. Akuti, "Mpeni sundikhudza mwana wanga wachisamba asanavomere."

Ndikuopa, achimwene. Akangoti mutu ukuwawa, ine ndimasiya zonse n'kukhala pambali pawo. Chonde imbani foni muwauze nokha kuti mwalola. Ine ndachonderera mpaka mawu andithera, akudikira inu.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Esinati