Mango a Amayi Ako Atsala Umodzi

Kwa Nakhwala,
T/A Mwambo, Zomba.
14 Okutobala.

Wokondedwa mwana wanga Pearson,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako ndi wa apongozi anga a Ruth ku Lilongweko. Kaya ntchito yaulonda ikukusunga bwanji? Kuno tadzuka, ngakhale dzuwa likuotcha ngati tili ndi mlandu nalo. Mlongo wako Dailesi ali bwino. Mtsinje wa Likangala watsala mchenga, ndipo nyanja yathawira kutali, mabwato angogona pamatope.

Udabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Pa foni ndimakunamiza, mwana wanga. Ndikangomva mawu ako lilime limakhota lokha.

Nkhani ndi ya mbande zathu kuseri kwa nyumba.

Ukukumbukira mmene madzi osefukira aja adapendeketsera mtengo wa mango umene malemu amayi ako adabzala, mbewu yake atachokera nayo kwawo kutsidya kwa nyanja. Usadaume, iwe udadula timphukira take n'kukwatitsa pa mbande khumi ndi ziwiri za m'machubu. Ine ndimakugwirira pulasitiki, uku ndikukuseka kuti mtengo suchitidwa opaleshoni. Zonse zidagwira. Ponyamuka mu Juni udandiuza kawiri konse kuti ndizithirira madzi a pamjigo okha, a kunyanja ayi.

Mu Ogasiti mjigo wathu udathyoka. Wina uli kutali, ndipo pamzere pamakhala amayi okhaokha. Ndidapitako masiku anayi. Tsiku lachisanu mayi wina adafunsa mokweza ngati mitengo ya a Namakhwa imamva ludzu kuposa ana a anthu, ndipo onse adaseka. Ndidabwerako ndowa ili gwa, manyazi atandigwira.

Ndiye ndidayamba kutunga pachitsime chimene asodzi adakumba kudambo. Ndidalawa, ndipo kamchere ndidakamva ndithu. Koma ndidati ng'ombe zikumwa omwewa, ine ndalima mpunga zaka makumi anayi, mwana wadzana angandiphunzitse za madzi? Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kwathu kuno agonera ndi a mwana.

Patatha milungu itatu masamba adayamba kupserera m'mbali. Ine kuona choncho ndidati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi omwewo m'mawa ndi madzulo. Pamwamba pa dothi padayera mbuu. Zidauma imodziimodzi, ine ndikuthirabe.

Zithunzi zimene Dailesi adakutumizira mwezi watha si za mbande zathu. Ndidamutuma kukajambula za a Sumaili, aneba athu. Adakana, nati sanganamize achimwene ake, koma ndidamukalipira mpaka adapita akulira. Iwe utayankha kuti bambo ndinu katswiri, chakudya sichidalowe tsiku limenelo. Usamudzudzule mwanayo, wolakwa ndine.

Khumi ndi imodzi zafa. Watsala mtengo umodzi, umene udali kumapeto pafupi ndi khola, chifukwa ndowa imafikako itatha. Ndausamutsira m'dothi lina, ndipo tsopano ndimaima pamzere uja ngakhale aseke. Koma mizu idapsa kale. A Sumaili atauona adapukusa mutu, nati mtengowu sufika mvula. Chotheka n'kudula nthambi ziwiri zimene zikadali zobiriwira n'kuzikwatitsa pa mbande zina zisanafote. Iwo ntchitoyi saidziwa, zawo adagula ku Songani zokwatitsa kale, koma andipatsa mbande zisanu za mango wamba kuti tiyesere.

Nthambizo zidali zitatu. Imodzi ndidayesa ndekha. Manja angawa ukuwadziwa mmene amanjenjemerera. Lezala idapita pambali, ndidadzicheka chala, ndipo kamphukira kadada patatha masiku anayi. Sindiyesanso. Alangizi a zaulimi ndawafunafuna, akuti ali kumaphunziro mpaka mwezi wamawa.

Ndayenda midzi yonse kumene amayi ako ankagawa mango, kufunsa ngati wina adabzalako. Aliyense akuti adali okoma, adadya n'kutaya. Kwawo kutsidya ndidatumako uthenga, ayankha kuti mtengo wakale adaudula kalekale, adaotcha makala. Ukauma uwu, basi, mbewu ya Esinati yatha padziko, ndipo woitha ndine mwamuna wake.

Pearson, ndili ndi mantha. Zovala za amayi ako tidagawa, mbale zidasweka, chithunzi chawo chidapita ndi madzi. Ndilibe china choloza adzukulu kuti ichi n'cha agogo anu.

Udati ubwera pa Khirisimasi. Mtengowu Khirisimasi suuona. Pita kwa abwana ako, uwagwadire ngati n'kofunika, akupatse masiku atatu okha. Ukanyamuka Lachisanu, Loweruka m'mawa ntchito yatha, Lamulungu wabwerera. Ubwere ndi kampeni kako kaja ndi pulasitiki yomangira. Njinga ikakudikira pa Zomba.

Ndikudziwa ukwiya, ndipo uyenera. Sindidakupepesepo chibadwire chako, lero ndikupepesa. Udzandikalipire pamaso pa Dailesi, pamaso pa mudzi wonse ngati ufuna, ndidzangoti zii. Koma udzayambe wakwatitsa nthambizo, kukalipa pambuyo.

Kalatayi ndapatsira a Chifundo a kwa a Sumaili, amene akukwera basi mawa. Ukailandira usandiimbire kuti palibe kanthu bambo, poti kanthu kalipo. Ungondiuza tsiku.

Upereke moni kwa apongozi anga, ndi kwa amalume ako ku Kawale ukawaona. Mulungu akusunge pantchito ndi panjira.

Ndinaima pang'ono kulemba kuti ndikauone. Nthambi yam'munsi yayamba kukwinyika kunsonga. Fulumira, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Grain Namakhwa